Chaka Chimene Anatsitsa Galimoto ya Abambo

Masipuling'i aja anafika m'katoni yomangidwa ndi mphira kumbuyo kwa njinga yamoto. Anali achikasu ngati dzungu lakupsa, onenepa ngati chala cha munthu wolima, ndipo ankanunkha penti yatsopano. Pambali pake panali mashoki okulungidwa m'mapulasitiki, zitsulo zija zimameza mabampu kuti galimoto isamadumphe ngati chule. Abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo anga, anatsitsa zonsezi pakhonde pathu ku Nazombe ngati kuti ndi pakhomo pawo. Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 5, ndipo ndinali nditaphunzira kale kudana ndi munthu osatsegula pakamwa.

Galimotoyo inali ya abambo. Anabwera nayo kuchokera ku Joni, komwe anakhala zaka zambiri akumanga nyumba za eni ake. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yamphuno yaitali, yopangidwira phula ndi liwiro. Kwathu kuno ankaitulutsa m'chilimwe mokha, ndipo ankaiyendetsa pang'onopang'ono mpaka anyamata a kabaza ankawapitirira akuseka. Anaimangira kashedi ka malata, pansi n'kuthira simenti. Atamwalira, achibale awo sanadikire n'komwe kuti nkhata za pamanda zifote. Anatenga matiresi, wailesi, sola, ngakhale makina osokera amene amayi anagula ndi nandolo wa m'munda wawo. Abambo aang'ono anatenga makiyi. Galimoto yeniyeniyo anaisiya pathu chifukwa kwawo kunalibe poisunga, ndiye inkangokhala m'kashedi muja, ife n'kumasesa mozungulira matayala ake, koma osaloledwa kuikhudza. "Choka apo iwe, manja ako ali ndi dothi." Mawu amenewo ndinawamva kangapo konse, pa galimoto imene abambo ankandikhazika pamiyendo pawo kuti ndigwire chiwongolero.

Tsiku limene katundu ankatuluka m'nyumba amayi sanalire, sanalimbanenso ndi wina aliyense. Anaima pafupi ndi nkhokwe, mikono atapinda, n'kunena liwu limodzi la Chilomwe limene sanandilole kulibwereza. Kenako anakatenga khasu.

Abambo aang'ono ankagulitsa zida za mafoni ku Limbe, ndipo chaka chimenecho anali atapeza mbeta ku Nkhulambe. Chinkhoswe chinali chitakonzedwa kuti chidzachitike kumayambiriro a dzinja. Iwo ankafuna kukafika kwa apongozi m'njira yoti anthu adzakambe mpaka kalekale. Pafoni pawo panali makanema a galimoto za kunja zoyenda mimba ili pafupi kukhudza pansi, ndipo ankaonetsa aliyense amene wayandikira. "Zamakono ndi izi," ankatero. "Achimwene ankangoyenda nayo ngati ngolo."

Ntchito inayamba nandolo atauma m'minda, nyengo ija mphepo imanyamula fumbi la m'chigwa mpaka phiri la Michesi limaoneka ngati lili kuseri kwa utsi. Abambo aang'ono ankabwera Loweruka lililonse ndi mnzawo wina wokonza njinga zamoto. Ankanyamula galimoto ndi jeke mbali imodzi, n'kuchirikiza ndi zitsa za mtengo wa mango, n'kuchotsa tayala. Mabawuti anali atachita dzimbiri, moti ankawathira parafini n'kudikira, kenako n'kulumikiza paipi ku sipanala kuti apeze mphamvu. Ndimakumbukira kulira kwa bawuti ikamagonja, kwiii, ngati khoswe wogwidwa pamsampha. Ndimakumbukiranso fungo la girisi wakale losakanikirana ndi la makoko a nandolo amene tinkapuntha pambali. Sipuling'i yoyamba anaipana ndi tizitsulo tobwereka, koma kamodzi kanapulumuka. Sipuling'iyo inauluka n'kukamenya malata a kashedi, nkhuku zonse n'kubalalika. Inadutsa pafupi kwambiri ndi khutu la abambo aang'ono. Ine ndinali pamphasa ndi lichero, ndipo ndinadandaula mumtima kuti yaphonya. Lero ndili ndi ana anga, ndimadziwa kuti ndi maganizo oopsa kwa mwana. Komabe sindinganame kuti ndinamva chisoni.

Chimene chinandipweteka koposa nyengo imeneyo si abambo aang'ono ayi. Anali amayi. Munthu yemwe anatilanda mpaka pogona, amayi ankamuwiritsira chinangwa. Ankamuphikira kalongonda, chakudya chodya nkhuni ndi tsiku lonse. Ankandituma kuti ndikamupatse madzi osamba m'manja, ndipo ndikapereka chiimire ankandiyang'ana mpaka ndigwade. Kuchitsime amayi ena anayamba kunong'ona, ndipo anzanga kusukulu anandiuza mosabisa: "Amako akufuna chokolo." Ndinamenyana ndi mtsikana wina chifukwa cha mawu amenewo mpaka yunifolomu inang'ambika paphewa. Nditafika kunyumba amayi anaisoka pamanja, poti makina kunalibe, osandifunsa chilichonse. Ndinasiya kudya nawo mbale imodzi. Ndinkaganiza kuti abambo aiwalika ndi aliyense kupatula ine.

Mawilo onse atatha, abambo aang'ono anatsitsa jeke, galimoto n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yofuna kugona. Kale pakati pa tayala ndi thupi la galimoto pankalowa chibakera cha munthu wamkulu. Tsopano pankalowa zala zitatu. Anaizungulira akuimba mluzu, akupukuta manja pa sanza. Amayi anatuluka m'khitchini, n'kuima, n'kupendeka mutu.

"Yakongola, alamu," anatero. "Koma taonetseninso za pafoni zija."

Anawaonetsa. Amayi anayang'ana foni, n'kuyang'ana galimoto, n'kuyang'ananso foni.

"Aa, kapena ndi maso angawa. Ndimaona ngati za anzanuzi zili pansi kwambiri. Yanuyi ikadali yoimirira. Koma poti ku Nkhulambe sadziwa zambiri, palibe kanthu."

Anabwerera kukhitchini. Abambo aang'ono anaizunguliranso galimotoyo, foni ili m'manja. Loweruka lotsatira anabwera ndi sowo yodulira zitsulo. Anachotsanso mawilo, anatulutsanso masipuling'i atsopano aja, n'kudula mkombero umodzi pa iliyonse. Kudula chitsulo chotero pamanja si masewera. Mipeni ya sowoyo inkathyoka, thukuta linkadontha pa simenti, tizidutswa tachikasu tinkagwa pansi n'kumagubuduka. Amayi anawafululira thobwa tsiku limenelo, lozizira bwino, la mumtsuko.

Aphunzitsi anga, bambo wa ku Dedza amene ankakhala m'nyumba za pasukulu, anadutsa pathu masana amenewo akukankha njinga. Anaima, n'kuwerama kusuzumira pansi pa galimoto, n'kupukusa mutu. "Achimwene, misewu ya kunoyi galimoto imafunika kukweza, osati kutsitsa. Mvula ikangoyamba..." Sanamalize. Amayi anali atafika kale ndi chipanda cha thobwa, akuwafunsa za ndewu yanga ija, akupepesa, akuwakokera pamthunzi wa mango kutali ndi kashedi. Anawasunga pamenepo ndi nkhani za ine mpaka dzuwa linapendeka. Aphunzitsi anachoka ndi nandolo m'kathumba, za msewu osazitchulanso. Ine ndinakwiya kuti amayi akundiyalutsa kwa aphunzitsi. Panopa ndikakumbukira liwiro limene anatuluka nalo m'nyumba ndi chipanda chija, ndimaseka ndekha.

Pomaliza pake, pakati pa tayala ndi thupi sipankalowanso ngakhale chala. Thadzi lathu limene linkakonda kubisa anapiye pansi pa galimoto linayesa kulowa, linalephera, n'kumazungulira likudandaula. Potuluka m'kashedi, bampala inakhula m'mphepete mwa simenti. Abambo aang'ono anati zimatero, ndiye umboni woti yakhala bwino. Anaiyesa pabwalo la mpira la pasukulu, pamalo osalala, ana onse akuthamangira m'mbuyo. Inkaoneka bwino, zimenezo sindingakane. Inkaoneka ngati nyama yobisalira.

Mvula yoyamba inagwa kutatsala masiku ochepa kuti chinkhoswe chichitike, ndipo inagwa yamphamvu, ya mabingu, madzi a m'phiri n'kutsika ofiira. M'mawa wa tsikulo kunacha bwino. Abambo aang'ono anafika atavala suti yoyera, nsapato zosongoka, galimoto ataimangirira maliboni. Anauza amayi kuti akwere, mpando ulipo. Amayi anathokoza, n'kunena kuti galimoto imawachititsa chizungulire, ife tibwera m'mbuyo pa kabaza. Chinali chinthu chachilendo kumva, chifukwa ndi abambo ankakwera bwinobwino. Ndinkafuna kukana kupita, koma amayi anandiveka diresi langa la kutchalitchi okha, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Lero usatsale."

Msewu wa ku Nkhulambe umadutsa pa kamtsinje kena kopanda mlatho, pomwe anangoyala miyala ndi simenti kuti ngolo zizidutsa. Madzi a mvula ija anali atakokolola dothi mbali zonse, n'kusiya msana wa miyala uli poyera pakati pa njira. Tisanafike n'komwe tinamva injini ikulira mokuwa. Titakhota, tinaiona. Inali itakwera pamsana paja n'kukhala pamimba, matayala akumbuyo akuzungulira m'matope osagwira kanthu. Bampala inali itagwa, maliboni ali m'madzi. Kuchokera pansi pake mafuta akuda ankatsika n'kumayenda pamwamba pa madzi ofiira, akupanga mitundu ngati ya utawaleza. Anthu anali atadzaza kale, amayi a madengu pamutu, anyamata a njinga, ana osavala malaya. Ena ankakuwa kuti azimitse, mphika wa oyilo wabooka. Abambo aang'ono sanamve. Anapondabe moto, n'kupondanso, mpaka injini inagogoda ngati munthu akusinja miyala mumtondo, kenako zii. Panamveka madzi okha.

Anatuluka, n'kugwada m'matope kuti asuzumire pansi, suti yoyera ija n'kusanduka ya mtundu wa njerwa. Mwana wina anafuula kuti, "Galimoto yakwawa!" ndipo khamu lonse linaphulika. Ine ndinaseka kuposa onse. Ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka, ndinavina pomwepo pamsewu ndi diresi langa la kutchalitchi, ndikuimba mawu a mwana uja. Ndinkayembekeza kuti amayi anditsina. Sananditsine. Anaima pamwamba pa mtunda, mikono atapinda monga anaimira tsiku la katundu lija, n'kumayang'ana mlamu wawo mpaka iye anadzutsa mutu, maso awo n'kukumana. Sindikudziwa chimene anaona pankhope ya amayi, koma ndinaona pakamwa pa abambo aang'ono patatseguka, n'kutsekekanso. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira za chinangwa, za kalongonda, za thobwa. Ndinathamanga n'kukagwira dzanja la amayi koyamba pa miyezi yambiri.

Kuchinkhoswe abambo aang'ono anakafika mochedwa, atakwera kumbuyo kwa njinga ya munthu wogulitsa makala. Ukwati sunalephereke ayi, koma mpaka lero ku Nkhulambe dzina lawo lenileni alidziwa ndi ochepa. Amangoti a Yakwawa. Galimoto inakokedwa ndi ng'ombe ziwiri madzulo a tsiku lomwelo, ndipo anthu okokawo, abambo aang'ono ali pambuyo, analunjika nayo kwathu, poti ndiko kunali kashedi. Anapeza amayi ataima panjira yolowera pakhomo.

"Munaitenga yamoyo, alamu," anatero pamaso pa anthu onse. "Maliro ake akakhale kwanu."

Abambo aang'ono anayesa kunena za simenti, za malata, za mvula. Amayi sanasunthe. Ng'ombe zinatembenuzidwa. Galimotoyo inakathera pansi pa mtengo wa bulugamu kwawoko, matayala ataphwa, mbuzi zikukwera pamwamba. Sinayendenso. Zonena za chokolo zinatha sabata yomweyo, ndipo amayi omwe aja ankanong'ona kuchitsime anayamba kupatsa amayi malo kuti atunge poyamba.

Ng'ombe zija zitazimiririka pakona, ine ndinali ndikadali wosangalala, ndikudumphadumpha, ndikubwereza momwe suti inadera. Amayi anandituma kuti ndikatsekere nkhuku. Pobwera sindinawapeze m'nyumba. Ndinawapeza m'kashedi, atakhala pa simenti yopanda kanthu, miyendo atatambasula, chitenje atadziphimba nacho kumaso. Mapewa awo ankagwedezeka. Poyamba ndinkayesa akuseka, ndipo ndinayamba kuseka nawo. Kenako ndinamva mawu awo. Kunali kulira kwenikweni, kotuluka pansi pa chifuwa, kumene sindinakumve ngakhale pamanda.

"Amayi, si tapambana?"

Anangondikokera pamiyendo pawo, ngakhale ndinali wamkulu kale kuti ndikhalepo, n'kundigwira mwamphamvu mpaka nthiti zinawawa. Ine ndinafunafuna chifukwa m'mutu mwanga wa mwana, ndipo ndinapeza chimodzi chokha. Ndinaganiza kuti mwina tsiku lonse lija aima kwambiri, miyendo ikuwapweteka. Ndinatsika, n'kukatenthetsa madzi, n'kubwera ndi beseni kudzawathowa mapazi.