Tsiku Limene Ndinakuwa Kuti "Mirai"

Ndikukumbukira mmene mitambo inkasonkhanira cha ku Banket masana amenewo, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Papulazi pomwe tinkakhala panali buludoza yakalekale, ndipo mwini malo watsopano ankafuna khoma la damu likwezedwe mvula isanagwe. Bambo anga ndiwo ankaudziwa mtima wa buludozayo. Koma tsikulo, ikutembenuka m'mphepete mwa damu, tcheni ya kumanzere, ija imayendera ngati tayala, inavuka n'kugona m'matope.

Amene ankaiyendetsa anali amalume a Yohane, achimwene awo a mayi, omwe anali atangobwera kuchokera ku Dedza mwezi womwewo. Ntchito ya makina ankaidziwa, koma Chishona sankamva ngakhale moni. Ine ndiye ndinali mwana wakomboni weniweni, wokulira m'nyumba za antchito apapulazi: kunyumba Chichewa, kusukulu ndi kumasewera Chishona, ndipo pakamwa panga zinkangosakanikirana osandipempha.

Bambo anamasula kabawuti kuti girisi atuluke, gudumu lakutsogolo libwerere m'mbuyo. Amalume anakanikiza khasu la buludozayo pansi mpaka mbali imeneyo inanyamuka. Aliyense anali wosakhazikika. Amalume ankangosuzumira pansi pomwe matope ankatumphuka, n'kumati, "Alamu, chinthuchi chitimirira pano." Bambo maso ali kumitambo.

Chotsala chinali kukweza tcheniyo pa mano a gudumu lakumbuyo. Bambo anagwada ndi mugwara, chitsulo chachitali chotukulira, pamalo pomwe woyendetsa sangaone. Anandiimika poyera, pakati pa awiriwo.

"Esinati, amalume ako azibwerera pang'onopang'ono. Ndikakweza mutu, uwauze aime."

Ndinadzimva wamkulu, sindinama. Injini inabangula, utsi wa dizilo unandilowa m'mphuno, tcheni inayamba kukwera dzino limodzi, lachiwiri. Kenako mugwara unaterereka, dzanja la bambo linatsetserekera mkati, ndipo anakweza mutu.

"Mirai! Mirai!" ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse.

Pa Chishona ndinali nditanena bwinobwino kuti imani. Koma munthu wa ku Dedza, yemwe tsiku lonse ankaopa matope, anamva kuti akumira. Anaponda moto kuti athawe.

Phokoso la bambo sindilifotokoza. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zinatsalira pakati pa tcheni ndi gudumu. Tcheniyo inakhala m'malo mwake bwinobwino, ndipo zimenezi zimandikwiyitsabe mpaka lero.

Bambo atabwerako kuchipatala ku Chinhoyi, ndinkawathawa. Ndinkadyera kuseri kwa shedi ya fodya, kudikira chikwapu chimene sichinkabwera, ndipo kudikirako kunkandipweteka kuposa kukwapulidwa. Amalume nawonso anasiya kudya, ankangonena zobwerera kwawo. Lamlungu lina bambo anatiitana tonse awiri. Anali atavala malaya a kutchalitchi osamanga mabatani.

"Palibe akupita ku Dedza, palibenso wodyera kushedi," anatero. "Wolakwa ndine. Ndinayang'ana girisi, ndinayang'ana mitambo, koma sindinafunse kuti awirinu mumvana ndi liwu liti. Bwera kuno iwe, undimange mabataniwa."

Ndinawamanga, misozi ikugwera pa nsapato zawo.

Panopa ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira fodya ku Harare, komwe makina amanyamula mabelo pamwamba pa mitu ya anthu. Mnyamata watsopano akabwera, asanakwere pampando ndimamufunsa kwawo, ndi liwu limene amamva akauzidwa kuti aime. Ena amaseka, amati mayi awa ngovuta. Alekeni aseke. Ndinazindikira mochedwa kuti bambo anasenza mlandu uja osati chifukwa unali wawo wonse. Anaona kuti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sakanatha kuunyamula. Ndipo mabatani aja, mayi anandiuza pa maliro a bambo, bambowo ankatha kumanga okha kuyambira sabata yachiwiri. Ine ndinawamanga Lamlungu lililonse mpaka tsiku limene ndinakwatiwa.