Tsiku Limene Tinakulunga Waya ku Malile

Nchito yanga yoyamba ndinangoipeza panjila. Atate anandituma ku boma la Petauke kukagula mankhwala a thonje, ndipo ndinapeza anyamata atafola pabwalo la mpila, malaya ali m'manja. Asilikali anali kulemba anthu. Inenso ndinavula malaya n'kuima pamzele. Anandipima chifuwa ndi tepi, anandiyang'ana mano, anatithamangitsa kuzungulila bwalo kanayi. Atamva kuti ndinafika Fomu Thu, anati ndikatsiliza maphunzilo a mfuti ndidzapita ku gulu la a lamya. Ndi mmene zinakhalila.

Masiku amenewo Mozambique inali ikali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo boma lawo ndi lathu sanali kumwelana madzi. Anatitumiza kumwela kwa Nyimba, kupitilila midzi ya kwa Ndake, mpaka pa kamtsinje kamchenga kamene kanali pa malile. Anthu a kumeneko anali atasamutsidwa. Chimanga chawo chinaumila m'minda. Ife tinakumba ngalande tsidya lino, iwo anakumba zawo paphili la tsidya lija, ndipo tinakhala choncho miyezi isanu. Palibe anawombela mnzake. Tinali kudziwa nthawi yawo ya chakudya poona utsi, ndipo ndikhulupilila kuti iwonso anali kudziwa yathu.

Wailesi sitinali kuigwilitsa nchito kwambili chifukwa a tsidya lija akanatha kumvetsela. Mau onse ochoka ku ngalande kupita ku msasa, mtunda wa mamailosi atatu, anali kuyenda pa waya. Ndi waya wakuda, zingwe ziwili zopotana, wokulungidwa pa dilamu yachitsulo imene anthu awili amanyamula atapisa mtengo pakati. Mmawa uliwonse tinali kupukusa chogwilila cha lamya. Belu likalila ku msasa, zili bwino. Likapanda kulila, tinali kutenga pulayazi, tepi yakuda ndi lamya yapaphewa, n'kutsata waya mpaka tipeze poduka. Anyani anali kuudula, njili, moto wa m'thengo, ngakhale anthu ofuna waya wa misampha. Ukapeza poduka umasenda mbali zonse ziwili, kumanga mfundo, kupota tinsambo tamkuwa pamodzi, kukulunga tepi, kenako kulumikiza lamya yako ndi kuyesa.

Amene anandiphunzitsa zonsezi anali a Kopolo Sakala, munthu wa zaka ngati makumi anayi, wa kwathu ku Petauke komweko. Sanali olankhula kwambili. Anali kununkhiza fodya wamphuno ndi kuyenda patsogolo. Njila yathu inali yopapatiza, ndipo a mabomba anali ataifufuza ndi kuika miyala yopaka laimu mbali zonse ziwili, chifukwa m'thengo limenelo munali mabomba okwilila pansi. Kunja kwa miyala yoyela sitinali kupondako.

Tsiku lina masana a Sajeni Mulenga, mkulu wa gulu lathu, wochoka ku Kasama, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mbula.

“Akuluakulu amvana,” anatelo. “Ife tibwelela, iwonso abwelela. Mailo dzuwa likafika pamutu, pa mtsinje pasapezeke munthu. A lamya, waya wonse ubwele.”

Palibe anakuwa kapena kuomba m'manja. Wina anafunsa ngati tidzadya tisananyamuke. Ine ndinapita kukathila mafuta pa dilamu.

Kutacha, a m'ngalande anatuluka mmodzimmodzi ndi katundu wawo n'kulowa njila ya ku msasa. Tsidya lija tinali kuona malole awo akukwezedwa mabokosi. Ife awili tinatsala kumbuyo, pakuti waya umachoka potsiliza. Ndinamasula lamya ya m'ngalande, ndinamanga nsonga ya waya pa dilamu yopanda kanthu, ndinaika dilamu pa chimango chapamsana. A Sakala anali kuyenda patsogolo akumasula waya m'zitsamba, ine ndikukulunga pambuyo.

Titayenda ngati theka la mailosi, waya unalimba. Anyani anali ataukokela kunja kwa njila, ndipo unakodwa m'chitsamba cha minga, mapazi khumi kuchoka pa miyala yoyela. A Sakala anaukoka, anaugwedeza, koma sunachoke.

“Tingodula, a Kopolo,” ndinatelo.

“Dilamu ikapelewela adzafunsa ine, osati iwe,” anayankha. “Ndipo nkhondo yatha, Daka. Taona, aja akupita.”

Anadumpha miyala. Ndinawelenga mapazi awo osadziwa kuti ndikuwelenga. Pa lachisanu ndi chiwili nthaka inatukuka.

Phokoso lake sindilikumbuka bwino. Ndikumbuka fumbi m'kamwa, ndi dzanja langa likali kupukusa dilamu ngakhale waya unali utaduka. Fumbi litatsika ndinawaona ali chagada, mwendo wa kumanja ulibe kuyambila pa bondo. Sanali kulila. Anali kuyang'ana kumwamba.

Mantha sindinawamve, chisoni sindinachimve. Manja anangochita zimene anazolowela. Ndinatsitsa dilamu, ndinayenda m'njila mpaka pamene waya wa ku msasa unabwelelanso pakati pa miyala, ndinaudula, ndinasenda, ndinalumikiza lamya, ndinapukusa. Anayankha a Sajeni eni ake, akupuma mofulumila.

“Awombela? Daka, lankhula! Anyamata atembenuka kale kuno, mfuti zili m'manja!”

“Iyai, bwana. Sanawombele. Ndi bomba la pansi. A Kopolo aliponda.”

“Watsimikiza?”

“Ndaona ndi maso.”

Ndinamva akukuwila anthu kuti atsitse mfuti. Kenako anabwelela pa lamya. “Usachoke panjila. A mabomba akubwela.”

Ndinakhala pansi pa malile a miyala yoyela, moyang'anana ndi a Sakala. Ndinawauza amange lamba pa ntchafu, ndipo anamanga, koma manja awo analibe mphamvu. Anapempha madzi. Ndinaponya botolo langa, linagwa patali pang'ono ndi dzanja lawo, ndipo tonse awili tinangoliyang'ana.

“Aja apita?” anafunsa.

Ndinayang'ana paphili. Malole anali ataima, ndipo munthu wina anali kutiyang'ana ndi magalasi oonela patali. Patapita nthawi analowa m'lole, fumbi linakwela, phili linatsala lopanda munthu.

“Apita, a Kopolo.”

“Chabwino,” anatelo.

A mabomba anafika ndi timitengo tawo tachitsulo. Anagwada, akubaya nthaka pang'onopang'ono chopendeketsa, chikhato ndi chikhato. Mapazi asanu ndi awili aja anawatengela pafupifupi ola. A Sakala anamwalila m'lole la gulu lathu tisanafike pa msewu waukulu wa ku Nyimba, mutu wawo uli pa miyendo yanga. Amene anakwilila bomba lija sanadziwike. Ena anati ndi a tsidya lija, ena anati madzi a mvula analikokolola kuchoka kwina. Waya wotsala anaukulunga anthu ena tsiku lomwelo, kupatula wa m'chitsamba muja.

Malilo atatha, anandituma kukapeleka bokosi lawo lachitsulo kwa akazi awo, kumudzi kufupi ndi Petauke. Ndinawapeza akutola thonje. Anabwela, anayala mphasa, anandipatsa moni wonse monga mwa mwambo. Ndipo anafunsa.

“Bambo, inu munalipo. Nkhondoyo inali yaikulu?”

“Iyai, amai. Sinachitike n'komwe.”

“Nanga anafela chiyani?”

“Waya unakodwa m'minga, amai.”

Kenako anaitana mwana wawo wamkazi kuti alowetse bokosi m'nyumba, iwo n'kubwelela kumunda. Ine ndinayenda mpaka pa msewu kukadikila basi. Misozi sinabwele tsiku limenelo, ngakhale chaka chimenecho.

Nditachoka usilikali ndinagwila nchito ya mawaya a lamya zaka zambili, kukwela mitengo kuyambila Kacholola mpaka Sinda, ndipo ndinaphunzitsa anthu ambili. Anali kundidandaula kuti ndimachedwa pa tsiku lotsiliza nchito, pamene aliyense mtima uli kale kunyumba. Zinali zoona. Akati tamaliza, ine mpamene ndimayang'ana pansi kawili. Ndipo waya ukakodwa pamalo pamene sindikupadziwa, sindifunsa munthu. Ndimatulutsa pulayazi. Ndadula waya wabwino wambili pa moyo wanga, ndipo akuluakulu anandikalipila kangapo. Onse amene ndinapita nawo m'thengo kuyambila pamenepo anabwelela kwawo ndi miyendo iwili.