Foromani m'Thumba la a Pensulo

Alamu anga a Pensulo, Mulungu anawaumba tsiku limene anali wokondwa. Ndikunena mwaulemu, chifukwa anakwatira achemwali anga malemu a Sabina, n'kukhala nawo zaka makumi anayi osawakwezera dzanja. Koma mutu wawo uli ndi njira yakeyake, ndipo ine sindibisa mawu.

Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno. A Pensulo anabadwira mu komboni momuno m'Bindura, n'kulowa mumgodi ndevu zisanamere. Dzina la Pensulo anawapatsa chifukwa anabadwa owonda, ndipo mpaka lero akaima cham'mbali umafunsa kuti alowera kuti. Ntchito anapuma kalekale. Chimene sanapume ndi Beni, gule wathu wa mayunifolomu oyera amene timavina pa holide ya Ogasiti, kuguba kuchokera pa holo mpaka pa bwalo la mpira. Wotsogolera amanyamula ndodo ya mutu wa mkuwa. Ndodoyo yakhala m'manja mwa a Pensulo kuyambira mwana wanga Tsitsi asanabadwe, pano Tsitsiyo ali ndi ana atatu.

Chaka chatha mawondo anawakana. Atafika pa mtengo wa mango wa pakati pa njira anakhala pansi, gulu lonse n'kumaguba pamalo amodzi kuwadikira. A komiti anawauza bwinobwino kuti chaka chino akapumanso panjira, ndodo ipita kwa Luckmore, bambo woyendetsa kombi wa akatumba ngati mapapaya. A Pensulo anabwera kwanga, tiyi osamwa, n'kunena kuti, "Alamu, ndodo ija ikachoka m'manja mwanga, mukaitane kalipentala adzandiyeze."

Mwana wawo Moreblessing amasamala nkhalamba ku Mangalande. Atamva bambo ake akulankhula za kalipentala pa foni, anatumiza kabokosi ndi munthu wina amene amabwera kumudzi. M'kati munali timabotolo tisanu ngati chala cha mwana, pansi pake kaufa koyera, kochepa kuposa mchere wa pa dzira. Akuti dzina lake mapeputaidi. Akuti kumeneko anthu olemera amadzibaya timeneti kuti asakalambe.

Ine ndinakana kuti munthu abayidwe chinthu chimene m'busa kapena nesi sanachione. Tinanyamukira ku kiliniki kwa a Sisita Tariro. Anatembenuza kabotolo uku ndi uku, n'kutifotokozera pang'onopang'ono poona kuti sukulu yathu ndi yochepa. Anati thupi limamangidwa ndi zinthu zonga mikanda yotungidwa pa ulusi wautali, ndiye mapeputaidi ndi tizidutswa tatifupi, mikanda itatu kapena inayi. Akatswiri ena akufufuza ngati tizidutswati tingakumbutse thupi lokalamba kudzikonza, ndi kudzutsa asilikali a m'magazi olimbana ndi matenda. Koma nkhaniyo sinapse. Zambiri anayesa pa mbewa, mbewa zina n'kukhalitsa ndithu, koma munthu si mbewa. Chinanso, timabotolo tobwera m'chikwama palibe akudziwa zili m'kati. Anamaliza ndi kuti iwo sabaya munthu zimenezo.

A Pensulo anapumira m'mwamba. Munthu amene anaphulitsa miyala pansi pa nthaka zaka zonsezo, akaona jakisoni amakomoka. Ine ndinati Ambuye alemekezeke, nkhani yatha.

Pobwerera tinafika pa msika. Pamenepo anaima n'kundigwira mkono.

"Alamu, mwamva zimene anena asisita? Mbewa."

"Ndamva kuti munthu si mbewa."

"Ayi, tamverani. Azungu aja anayamba bwino koma anathera panjira, chifukwa sadya mbewa. Mphamvu yonse inalowa mu mbewa, iwo n'kutaya. Ife ndiye eni ake ndiwo imeneyi."

Ndinawauza kuti zimenezo ndi zamisala. Anandifunsa kuti kodi nkhuku ikamadya matemba, nyama yake siinunkha nsomba? Ndinavomera, chifukwa imanunkhadi.

Tsono vuto linali lakuti mbewazo zimafunika zamoyo, kuti ziyambe zadya kaufa kaja, iwo n'kudzazidya pambuyo pake. Ife timadziwa kukumba una, mbewa ikatuluka n'kuimenya ndi kamtengo, basi. Kugwira yamoyo ndi ntchito ina. Unali mwezi wa Juni, anthu atakolola. M'mawa uliwonse a Pensulo amanyamula khasu ndi ndowa ya chivindikiro, ulendo ku minda ya kuseri kwa phiri la mchenga wa mumgodi. Kuwerama, kukumba, kuthamangitsa, kugwa, kudzuka. Mbewa za kumeneko zitachenjera anayamba kukwera basi ya ku Masembura, n'kutsika n'kuyendanso mtunda wautali kukafika pa munda wa mnzawo wakale wa mumgodi. Azimayi a kumeneko amaitanizana kudzaonerera, amvekere, "Sekuru vava kupfuya mbeva," kutanthauza kuti agogo ayamba kuweta mbewa ngati mbuzi. Iwo amangowavulira chipewa.

Khola anapanga ndi mawaya a fuliji yakufa. Timabotolo tija anandisungitsa ine mu mtsuko wokutidwa ndi saka lonyowa, poti magetsi kuno amabwera ngati mlendo. Tsiku lililonse amadzatapa kaufa ndi nsonga ya machesi n'kukasakaniza ndi gaga ndi nsinjiro. Ine ndimati ndikatsegula mtsukowo ndimapemphera kuti Ambuye, inu mukudziwa kuti ine ndangobwereka mtsuko, maganizowa si anga.

Cholakwa chawo chachikulu chinali kuzipatsa maina. Kunali ina yokonda kukhala pakona n'kumayang'ana anthu cham'mbali, imeneyo anaitcha Mabalani, ngati kalaliki wa ku ofesi ya mgodi. Kunali kapuku wonenepa amene samachita kanthu koma kuyang'anira anzake, chakudya chikabwera iye n'kuyamba, ameneyo anali Foromani. Masana amakhala pa mpando pafupi ndi khola n'kumazifotokozera za mumgodi, Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodimo, chili m'kamwa. Amalumbira kuti ubweya wa Foromani wayamba kuwala. Nanga mbewa yodya nsinjiro katatu pa tsiku ingaleke kuwala?

Kutatsala sabata imodzi kuti gule avinidwe ndinapita ndi mchere ndi mipani, kuti poti mwaganiza, tiyeni tiphike zithe. Anayang'ana mipaniyo, anayang'ana khola.

"Alamu, munthu angadye Foromani?"

"Inu nomwe, nthawi ya mumgodi mumati mukamugwira mudzamudya wamoyo."

"Uja anali wina. Uyu amandimvera."

Sanadye ngakhale mchira. Mapeputaidi a ku Mangalande, kupatula kabotolo kamodzi, anathera m'mimba mwa mbewa, mwini mawondo osalawa. Tsiku la gule lisanafike anakamasula zonse kumunda, kupatula Foromani. Anandiuza kuti ngati mphamvu yalephera kulowera pakamwa, ilowera pakhungu. Ine sindinafunse zambiri, ndinali pa kusita yunifolomu. Sindinadziwe kuti m'mawa mwake amuika m'thumba la m'kati la jekete, pafupi ndi mtima, n'kutseka ndi pini.

Tsikulo dzuwa linali bwino, kamphepo ka Ogasiti kakukweza fumbi. Ng'oma zinayamba pa holo. A Pensulo patsogolo, magolovesi oyera, ndodo m'mwamba. Luckmore kumbuyo kwawo, maso ali pa ndodo ngati galu pa fupa. Ine ndimayenda m'mbali ndi botolo la madzi. Anayamba bwino kuposa chaka chatha, ndinadabwa. Koma mtengo wa mango utayamba kuoneka, mwendo wamanzere unayamba kutsalira. Ndinaona akuyang'ana mthunzi uja ngati munthu woona bedi lake. Ndinatseka maso ndikuyenda, n'kunena kuti Ambuye, nkhalamba iyi ilibe china koma ndodoyi, chitanipo kanthu, chilichonse.

Nditatsegula maso a Pensulo anali m'malere.

Anatera ndi mwendo umodzi, winawo n'kuuponya kutsogolo mpaka m'chiuno. Anadzimenya pamimba, anadzimenya pantchafu, anazungulira kawiri, ndodo ikupita m'mwamba n'kubwerera m'manja pa chisomo chokha. Foromani anali atatafuna thumba, n'kutsika kudzera m'malaya mpaka m'buluku. A Pensulo kuti amenye zolimba amaopa kupha mnzawo, kuti aime osatheka. Amangofuula kuti, "Foromani, tsika! Foromani, tsika!" Gulu lonse linavomera pambuyo pawo ngati nyimbo, oimba ng'oma n'kuwonjezera moto. Mtengo wa mango tinaudutsa osauona. Azimayi nthungululu. Luckmore anayesa kutsanzira kaponyedwe ka mwendo kaja, buluku lake n'kung'ambika.

Anafika pa bwalo patsogolo pa aliyense, gulu likubwera wefuwefu. Ndine ndekha amene ndinaona kanthu kofiirira kakutuluka kumwendo kwa buluku n'kulowa m'maudzu a kuseri kwa golo. A komiti sanakhale n'komwe pansi kukambirana. Wapampando anangowagwira dzanja n'kunena kuti ndodo ili kwawo. Luckmore anabwera atamanga juzi m'chiuno, n'kupempha mwaulemu kuti sekuru amuphunzitse sitepe ija. A Pensulo anamuuza kuti imeneyo munthu saphunzira, imakupeza yokha.

Lolemba lake tinapita kwa a Sisita Tariro kukapaka mankhwala pa zikande za pantchafu, ndipo ndinanyamula kabotolo kamodzi kamene kanatsala kuti akataye iwo. Ndinafotokoza zonse, a Pensulo akundiponda phazi. Asisita anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anawapinditsa mawondo n'kunena kuti munthu woyenda ndi kukumba miyezi iwiri tsiku ndi tsiku, miyendo iyenera kulimba, ndipo akafuna ndodo chaka chamawa asasiye kuyenda. Anawadzudzulanso kuti mbewa yamoyo si ya m'thumba, imatha kupatsa matenda. Moreblessing ndinamuuza ndekha pa foni kuti ulendo wina atumize nsapato.

Mpaka lero sitigwirizana. A Pensulo amati ndi mapeputaidi, analowera pakhungu monga ananenera. Asisita amati ndi khasu. Ine ndikudziwa amene ndinamupempha, koma ndaphunzira kuti popemphera uzitchula chinthu ndi dzina lake, osangoti chilichonse.

Ndodo ili pa khoma pawo pamwamba pa chithunzi cha a Sabina. M'mawa uliwonse amayenda wapansi mpaka ku bwalo la mpira, nsinjiro zili m'kapepala, n'kukathira kuseri kwa golo. Dzulo anabwera akusangalala kuti aona timbewa tating'ono tisanu ndi kamodzi tikutuluka pa una.

"Mwaona alamu? Pa msinkhu wake uja."

Ndinawakumbutsa kuti ngati ndi choncho ndiye Foromani anali mayi. Iwo anangopempha tiyi.