Mphini za Pamsana pa a Lekani

A Lekani ndinawadziwa chifukwa cha malaya. Ine ndine Kassimu, telala wa pakhonde ku Old Town, ndipo kasitomala wokana kuyezedwa msana sindimuiwala. Iwo amangobwera ndi malaya akale n'kunena kuti ndisoke ofanana nawo.

Amagwira ntchito yosamalira maluwa ku Area 12, kunyumba ya mpanda wautali kumene kapinga amamwa madzi kuposa ife anthu. Tsiku lina ndikukapereka makatani ndinawapeza ataima ndi payipi m'manja. Unali mwezi wa Okutobala, maluwa a jakaranda atayala pansi ponse, madzi akugwera malo amodzimodzi mpaka panachita chithaphwi. Maso awo anali kutali. Ndinawaitana kangapo asanabwerere kuchokera kumene anapitako.

Patapita zaka anandiuza kumene amapitako. Ali mnyamata anagwidwa vakabu atagona pamsika, basi yakwawo itawasiya. Anatumizidwa kusukulu ina yosinthira ana khalidwe. Kumeneko kunali woyang'anira wina amene ankayamba wanyika chiduswa cha payipi m'madzi asanakwapule mwana. Akuti pokwapulidwapo iwo ankachoka m'thupi n'kukakhala pansonga ya mtengo wa bulugama, mphepo ikuwagwedeza pang'onopang'ono, akuonerera kamnyamata kakulira pansi. Mpaka lero akangokhala chete amapezeka ali mumtengo muja.

Chaka chatha kunamveka kuti maloya ena ku City Centre akusonkhanitsa anthu amene anazunzidwa m'malo otere ali ana, kuti akapemphe chipepeso kukhoti. A Lekani anakalembetsa.

"Mukalemera musatiiwale, bwana," ndinawaseka.

"Achimwene, ine ndikungofuna munthu wovala tayi anene kuti zinachitikadi," anatero. "Masiku ena ndimayesa ndinangolota."

Loya wawo, Mayi Thoko, anawatumiza kwa dokotala kuti akaone zipsera. Dokotalayo anayang'ana msanawo nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. Msana wonse unali mphini zokhazokha.

Nkhani yake ndi iyi. A Lekani atatulutsidwa, mayi awo, a Efelo, anapita nawo kwa sing'anga kwawo ku Mitundu kuti akachotse tsoka la kundende. Anawasambitsa pamphambano, n'kuwatema mphini motsata chipsera chilichonse. Sing'angayo analamula kuti mayiwo asadzatchule zimene anaona pamsana pa mwanayo, chifukwa akadzangotsegula pakamwa, tsoka lonse lidzagwera mayiwo.

Tsono dokotala anati sangalembe kuti payipi inadutsa pamene iye akuonapo lumo. Nditamva zimenezi ndinakwiya mpaka ndinathyola singano. Wokwapula uja mwina akudya penshoni kwinakwake, umboni wake atamufufutira mayi wa mwana amene ankamuzunza.

Mayi Thoko anati njira yatsala imodzi: mboni imene inaona msanawo mphini zisanatemedwe. Mboni yotero inalipo imodzi yokha padziko.

A Lekani anakana. "Ndikagule chipepeso ndi moyo wa amayi anga? Bola zikhale maloto," anatero. Anabwerera ku kapinga wawo. Ankachoka ku Area 12 dzuwa litapendeka, n'kudzakhala pabenchi yanga akuyang'ana maminibasi ngati akudikira wina woti atsikemo. Ine za asing'anga sindizitsata kwenikweni, koma ndinatseka pakamwa. Mayiwo si anga.

Amene sanatseke pakamwa ndi akazi awo a Lekani, amene anakaulula zonse kwa a Efelo kumudzi.

M'mawa wina ndinangoona gogo wochepa thupi ataima pakhonde langa, ndodo kumanja, nsapato atazinyamula kumanzere. Anati anauzidwa kuti telala wa pano amadziwa kumene mwana wawo amagwira ntchito. Ndinawaimbira foni a Lekani, ndipo anafika thukuta lili kamukamu, matope ali m'miyendo.

"Amayi, mwabwereranji? Asing'anga aja anati mukadzanena..."

"Ndikudziwa zimene ananena, ndinalipo," anawadula a Efelo. "Tsokalo likabwera lipeza chiyani mwa ine? Mano anatha, maso akutha. Ndinakhala chete kuti iwe uzigona tulo, ndiye ndikumva kuti sugona. Nanga ndasungira ndani?"

"Tidikire kaye, amayi. Tiganize bwino."

"Ndaganiza kale m'minibasi. Mabala aja ndinkawatsuka ndine ndi madzi amchere. Tipita kwa loya wakoyo, koma uyambe wamva iweyo."

Ndinaimitsa makina. Mumsewu makondakitala ankaitanirabe anthu, koma mawu awo ankamveka ngati akuchokera tsidya lina la mtsinje.

"Lalikulu linali paphewa lakumanzere," anayamba motero gogoyo, "ndipo linali lisanapole."

A Lekani, bambo wa imvi zawo, anakhala pansi pasimenti pafupi ndi mapazi a mayi awo n'kumamvetsera.