Zenera la Kumanzere

Pa boti loyendetsa alendo masana, aliyense ankawaitana kuti Azakhali, ngakhale a Kaputeni amene anali akulu kwa iwo. Anali mayi wamfupi, wa zala zosuwa ndi madzi a sopo, ndipo ankayenda motang'adza pang'ono ngati pansi pakugwedezeka, ngakhale ali mumsika. Ntchito yawo inali yophika. Anailowa mwana wawo woyamba akadali pasukulu, ndipo tsopano mwanayo anali atayamba imvi m'ndevu.

Boti linkanyamuka padoko dzuwa likuyandikira paliwombo. Alendo ankakwera atavala zipewa zazikulu, mafoni ali m'mwamba asanaone n'komwe chojambula. Ulendo unali womwewo tsiku lililonse. Poyamba boti linkalunjika pakati pa nyanja kukazungulira kachilumba kokhala ndi nsanja ya nyali, anthu m'mimba mulibe kanthu, chifukwa kumeneko mafunde sachita manyazi. Kenako linkatembenuka n'kumabwerera pang'onopang'ono m'mphepete mwa mzinda, m'madzi odekha ngati a m'beseni, ndipo apo m'pamene chakudya chinkatuluka. A Kaputeni ankakonda kunena kuti mlendo umugwedeze ali ndi njala, umudyetse pabata.

Alendo akudya, mzinda wonse unkadutsa kudzanja lamanja: mahotela a magalasi, mlatho wautali, chitunda cha nyumba zamalata zosanjikizana, msika wa nsomba, mpaka kufikanso padoko. Koma khitchini inali pansi, pafupi ndi injini, ndipo inali ndi zenera limodzi lozungulira, losaposa chivundikiro cha poto. Zeneralo linali kumanzere. Zaka zonsezo Azakhali akadzutsa maso ankangoona madzi okhaokha, mwina ndi mbalame yotsatira nyenyeswa. Mzindawo ankaudziwa ndi makutu, kudzera m'mawu a wolengeza amene ankatsikira kudenga pamodzi ndi migugu ya nsapato za alendo. Akamva kuti, "Kumanja kwanu mukuona nyumba za anthu ogwira ntchito padoko," ankadziwa kuti akudutsa pakhomo pawo. Nthawi imeneyo nsomba zimakhala zikuchoka pamoto, mbale zili ndandanda, ndipo wophika sakanasuntha. Ndiponso panali lamulo lakuti epuloni ya kukhitchini isaoneke pamwamba alendo akudya.

Kale zimenezi sizinkawakhudza, chifukwa amuna awo ankagwira ntchito pa boti lomwelo. Anali omanga zingwe, ndipo padoko ponse ankadziwika kuti a Mfundo. Mfundo yomanga iwo sinkamasuka ndi mphepo, koma munthu akaikoka kamodzi pamalo pake inkangoti wee. Madzulo ankakwera chitunda limodzi, a Mfundo patsogolo atanyamula chikwama cha akazi awo, osayankhulana zambiri. Mmawa wina bambowo akumanga nsapato anagwa chafufumimba. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu n'kumatuluka amodziamodzi ngati madzi a pampopi wouma.

Kuyambira pamenepo a Mfundo ankakhala pa chikuku. Masana ankawayang'anira mayi wa nyumba yoyandikana, wosoka zovala, amene onse ankangoti a Telala. Akatha kudya masana, a Telala ankakankhira chikukucho pakhonde loyang'ana kunyanja, kuti boti likamadutsa a Mfundo akweze dzanja lawo lamoyo lija.

"Wandiona lero?" ankafunsa madzulo, Azakhali asanavule n'komwe nsapato.

"Ndakuonani."

"Ndinavala chiyani?"

"Malaya a mizere aja."

Funsolo silinali lovuta, popeza ankawaveka okha mmawa. A Mfundo ankagwedeza mutu mokhutira, Azakhali n'kulowa msanga kukatereka madzi. Mumtima ankati matendawa aiwalitsa amuna awo mbali imene kuli zenera, ndipo ankathokoza kuti aiwala.

Patapita zaka, mwana wawo woyamba anabwera ndi nkhani. Anati bambo ake apite kwa iye, kutali kumtunda, kumene kuli chipatala chowongola ziwalo komanso mpongozi amene amakhala pakhomo tsiku lonse. Azakhali sanatsutse. Anali atapezapo kale amuna awo ali pansi m'bafa, atagona pamenepo kuyambira masana. Azakhali eni ake anayenera kutsala pantchito, chifukwa mankhwala sagulidwa ndi misozi, ndipo akanapita kukawaona nyengo ya mphepo boti likaima. Galimoto inali yoti idzabwere Loweruka.

Lachinayi lake Azakhali anali kukhitchini, akutsuka mpunga. Kunatsikira mayi woperekera zakudya, amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, wodziwika kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira.

"Azakhali, anyezi simunayambe kudula, nanga misoziyi mwabwereka kuti?"

"Ndi utsi."

"Utsi pa mbaula ya gasi? Namizani alendo, osati ine. Ndi za alamu anga eti?"

Azakhali anapukuta m'maso ndi chigongono. Sanali munthu wofotokoza zakukhosi, koma tsiku limenelo mawu anatuluka okha. Anati amuna awo akhala akukweza dzanja pakhonde paja kuyambira pamene anadwala, ndipo iwo sanalionepo ngakhale kamodzi.

"Ngakhale kamodzi?" Wailesi anatula thireyi. "Nanga mumawauza chiyani?"

"Kuti ndawaona."

"Ha! Inu mayi wa pemphero inu? Ndiye kumwamba tikalowa ndife ochepa." Anaseka, kenako anasiya. "Kwerani mawa. Nsomba ndigwira ine."

"Iwe ungagwire nsomba? Unapsereza madzi a tiyi. Komanso bwana wa padoko akamva, ndilowera kuti? Usauze munthu, Wailesi, chonde."

"Ine? Pakamwa panga ndi manda."

Lachisanu boti linanyamuka nthawi yake. Azakhali anatsekera mapoto ndi zitsulo zake monga mwa masiku onse, kudikira mafunde. Mafunde sanabwere. Supu anangokhala phee mumphika. Kenako anaona kuti kuwala kwa pazenera kwasintha, kwada ngati munthu waima panja. Atasuzumira anaona khoma la msika wa nsomba, amayi atakhala pa mabeseni, galu akununkhiza ukonde.

Wailesi anatsika masitepe akuvina.

"Manda aja atseguka pang'ono, Azakhali. A Kaputeni akuti lero tiyambira kumapeto. Mzinda uli mbali yanu. Siyani mpeniwo!"

Azakhali anapukuta galasi ndi epuloni n'kugunditsa chipumi pamenepo. Msika utatha, chitunda chinayamba. Sanachizindikire msanga. Nyumba zimene ankazidziwa ndi zitseko zake ndi fungo la m'makhitchini ake zinali ngati mabokosi a machesi otayidwa pamulu. Anayamba ndi thanki ya madzi pamwamba, kutsika ndi masitepe a simenti amene ankakwera tsiku lililonse, kukhota pagolosale yobiriwira. Ndipo nyumba yawo inali apo. Denga lake linali ladzimbiri kuposa mmene ankaganizira. Pachingwe panali bulangeti limene anachapa mmawa kuti lipite nawo paulendo.

Pakhonde panalibe munthu.

Anayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Kenako zinawafikira, ndipo anagwira dzanja la mnzawo.

"Nthawi, Wailesi. Sitidutsa pano nthawi ino. A Telala sanawatulutse, akadali m'nyumba."

"Mayo ine!" Wailesi anagwira pamutu. "Ife kuganiza za zenera, osaganiza za wotchi. Aimbireni foni!"

"Mafoni si ali mukabati padoko?"

Wailesi anakwera masitepe awiriawiri. Posakhalitsa injini inatsika mawu, ndipo hutala inalira, kulira kwautali kumene Azakhali anali asanakumvepo, mpaka masipuni kunjenjemera mudilowa. Inaliranso. Pamwamba alendo anaombera m'manja, poganiza kuti ndi mbali ya chisangalalo.

Pachitunda chitseko cha a Telala chinatseguka. Kamunthu kakang'ono kanatuluka, kanaika dzanja pachipumi, kenako kanathamangira m'nyumba ya Azakhali. Boti silikanaima, pakuti kumbuyo kunali lina lokoka katundu, ndipo madzi ankalikankha ndithu. Azakhali anadziwa zimene zinkachitika mkatimo ngati akuziona: kuwadzutsa pabedi, kulowetsa dzanja kukhwapa, kukoka mwendo wakufa uja, kulimbana ndi buleki ya chikuku imene inkalimba. "Fulumirani, mayi," ananong'ona, mpweya wawo ukuchititsa nthunzi pagalasi.

Chitseko chinatseguka. Panatuluka mawilo aang'ono akutsogolo, kenako mawondo awiri. Pomwepo chipilala choyamba cha mlatho chinalowa pazenera, chakuda, chomera ndere, ndipo chitachoka kunali mahotela.

Chakudya cha tsiku limenelo sichinaiwalike pa botipo. Chinatuluka ali pakati pa nyanja, mafunde akumenya m'nthiti. Supu anathera pa nsalu za patebulo, mabotolo anagubuduka, ndipo bambo wina wa chipewa chachikulu anabweza zonse m'chipewa chomwecho. Wailesi ankayenda ndi thireyi ngati woledzera, akupepesa uku ndi uku. Atafika padoko bwana anaitanira a Kaputeni muofesi, ndipo mawu ankamveka panja. Potuluka, mkuluyo anakumana ndi Azakhali pa mlatho wamatabwa, navula chipewa.

"Pepani, Azakhali. Takalamba ndi nyanja, koma nzeru zatithawa pa kanthu kakang'ono. Mawa sindingabwerezenso, andiletsa."

"Mwayesetsa, bambo. Zikomo."

Anakwera chitunda dzuwa litapendeka. A Mfundo anali pakhonde, chikwama cha ulendo chili kale pafupi ndi chitseko. Azakhali anakhala pa mpando wamatabwa n'kuyamba kumasula nsapato.

"Kaputeni wapenga," anatero a Mfundo, mawu akutuluka movutikira. "Kudyetsa anthu pa mafunde. Supu watayika?"

"Yense."

Bambowo anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, mpaka kutsokomola. Azakhali anawapukuta pakamwa.

"Ndangoona kumbuyo kwa boti, likulowa pansi pa mlatho," anapitiriza. "Watembenuza chifukwa cha iwe."

Azakhali anapitiriza kumasula nsapato.

"Zenera lako lili kumanzere. Ukuyesa ndinaiwala? Mphira wa zenera lija ndinaika ndine, madzi atakuthira m'mapoto."

"Ndiye munkandifunsiranji, bambo inu? Kundichimwitsa tsiku ndi tsiku?"

"Ukamayankha unkandiyang'ana." Anapuma kaye. "Ukangolowa m'nyumba, ndi madzi, mankhwala, zochapa. Umayang'ana mwendo, umayang'ana pakamwa."

Azakhali anayang'ana nsapato imene inali m'manja mwawo. Kuseri makina a a Telala ankalira, kuima, kuliranso. Kenako anabwezera nsapatoyo kuphazi n'kumanga.

"Ukupita kuti?"

"Musasunthe pamenepo."

"Ndingasunthe ndi chiyani?"

Anatsika masitepe a simenti aja, kudutsa pagolosale, kudutsa amayi obwera kumsika amene anawafunsa ngati aiwala kanthu kuntchito. Pansi pa chitunda panali khoma la miyala lotchinga mafunde, lolowa m'nyanja. Anayenda pamwamba pake mosamala, madzi akuwathira m'miyendo, mpaka pamwala womalizira pamene asodzi amakhala. Sipanali patali ngati pamene pamadutsa boti, koma kupitirira apo kunalibenso poponda. Anatembenuka.

Khonde linkaoneka laling'ono, ndipo munthu wa pakhondepo anali ngati kadontho. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenako dzanja linayamba kukwera. Silinakwere msanga monga ankaganizira zaka zonsezi. Linafika paphewa n'kuima, thupi lonse linapendekera mbali yakufa, ndipo linakweranso mpaka pamwamba pa mutu, zala zili tambasu. Linakhala pamenepo likunjenjemera, nthawi yaitali kuposa imene dzanja la munthu wodwala liyenera kukhala m'mwamba, kutalika kwa nthawi imene boti limatenga kudutsa chitunda chonse.

Msodzi wina amene ankakulunga chingwe chake anawayang'ana, nayang'ananso kuchitunda.

"Mayi, kodi akukuitanani uko?"

"Ayi," anatero Azakhali, osachotsa maso. "Akungondionetsa."

Anakweza dzanja lawo, ndipo sanalitsitse mpaka lija litatsika.