Abusa a Nakhuwa pa Benchi la ku Kiliniki

Ndikukumbukira m'mawa wina wa chiperoni, ndili sitandade fili, amayi atandibereka kumbuyo ngati khanda, miyendo yanga ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Chikuku chinali chitandigwira. Thupi linali moto, maso atamatana ndi manthongo, moti ndinkaona dziko ngati ndikusuzumira pa kabowo ka chitseko.

Mpingo wathu, wa zovala zoyera, unkaletsa mankhwala, ngakhale kam'bulu ka mutu komwe. Abusa athu a Nakhuwa ankati wopita kuchipatala wanyoza Mulungu, ndipo mayi wina anachotsedwa mu mpingo atapezeka ndi khadi la sikelo ya mwana. Abusa omwewo ndiwo anali kapitawo wa amayi kothyola tiyi pa esiteti. Kulakwira iwo kunali kulakwira Sabata ndi Lolemba lomwe. Choncho anthu ankangobwera kwathu kudzandiwaza madzi ndi kuimba mpaka kusasa mawu. Sindinama, nyimbozo zinkandikhazika mtima pansi, ndinkagona nazo. Koma kutentha sikunkatsika.

Tsiku limenelo bambo atangonyamuka kupita ku fakitale, amayi anatenga dengu ngati akupita kuntchito, kenako n'kulibisa kuseri kwa bafa. Sitinadzere mumsewu. Tinalowa m'mizere ya tiyi, mame akunyowetsa chitenje chawo, fungo la masamba ofota likuchokera ku fakitale. Amayi ankawerama akamva mawu a anthu, ine n'kumamva mtima wawo ukugunda pamsana.

Titafika pakhonde la kiliniki ya esiteti, amayi anangoima chilili. Msana wawo unauma ngati thabwa. Ndinatong'ola diso limodzi. Pa benchi panali abusa a Nakhuwa, opanda nsapato, opanda mkanjo woyera uja, matope ali mpaka m'misongolo. M'manja ananyamula mwana wawo Estere, mnzanga wosewera naye phada, atamukulunga m'bulangete. Ndinaganiza kuti ndikulota chifukwa cha kutentha thupi. Ndinabisa nkhope m'khosi mwa amayi, kuiwala kuti miyendo yonse ili pamtunda.

Ndinkayembekezera mawu aja ogwedeza malata a tchalitchi. Koma anatuluka mawu ang'onoang'ono, onjenjemera.

"Amake a Lusiya, musathawe. Mwanayu sakundiyankha chiyambire dzulo. Tandipemphererani, ine mawu andithera."

Amayi, amene sanayankhulepo pamaso pa abusa asanauzidwe, anagwada pasimenti ndili kumbuyo komweko, n'kuyamba nyimbo motsitsa mawu. Abusa ankangogwetsa misozi pa bulangete. Sindinkadziwa kuti munthu ngati amene uja ali ndi misozi.

Chitseko chinatseguka, anatulukira adokotala a Jafali, kachipewa kawo ka Chisilamu kali kumutu. Ndinati basi, atithamangitsa chifukwa cha phokoso. Iwo anaima kaye mwaulemu, kenako anati:

"Musasiye, mayi. Inenso ndayamba ndi pemphero m'mamawa uno. Koma lowetsani anawa, muziimbira m'katimo."

Anayamba ndi Estere. Atangomutsegula chikope, nkhope yawo inasintha, anakuwa kuti wina athamange akaitane galimoto ya esiteti yopita kuchipatala chachikulu. Ine anandipukuta m'maso ndi thonje lozizira, kundimwetsa mankhwala owawa, n'kundibaya jakisoni amene ndinamulirira koposa chikuku chenichenicho. Amayi anaimba mpaka singano itatuluka.

Maso anga atatseguka bwino patapita masiku, ndinafunsa ngati Estere wabwerako. Amayi anakhala pansi, anandiika pamiyendo. Anati Estere anamwalira m'galimoto muja, asanafike ndi pa tala pomwe. Anali ataikidwa kale ine ndili chigonere. Kufikira tsikulo ndinkayesa kuti amamwalira ndi agogo okha.

Sabata lotsatira abusa anaimirira kutsogolo osanyamula Baibulo. Ananena okha kumene anapita, ndipo anamaliza ndi mawu awiri: "Ndinachedwa naye." Akuluakulu ena anatuluka osatembenuka, anakayamba mpingo wawo kutsidya kwa mtsinje. Ife tinatsala. Kuyambira pamenepo, wothyola tiyi akatsokomola pa sikelo yoyezera tiyi, abusa ankamugwira phewa, kumupempherera mwachidule, n'kumulozera njira ya ku kiliniki.

Lero ndine nakubala wa imvi zanga, ndipo zambiri zasintha. Azaumoyo amafika ndi katemera mpaka kunyumba za antchito, ndipo amayi a mpingo wathu ndiwo amakaimba m'mawodi ndi kusambitsa odwala opanda abale. Komabe pa foni pamatuluka aneneri ouza anthu kuti ataye mapiritsi awo, ndipo anthu akutayadi. Ndikawamva, sindikwiya msanga. Ndimaona bambo wopanda nsapato uja, amene ankakonda mwana wake monga aliyense. Estere bwenzi pano ali ndi zidzukulu ngati ine.