Nyimbo ya Mkaidi wa ku Burma

Mliri wa korona utatitsekera m'nyumba ku Discovery Gardens, kudziko lakunja kumene ndinkakhala, malo anga opumirako mpweya anali pakhonde. M'mawa wina ndikuyanika zovala, ndinkang'ung'udza nyimbo imene agogo anga aamuna ankaimba akamameta ndevu. Iwo anamenya nawo nkhondo ku Burma kumbali ya Angerezi, ndipo chakumapeto ankalondera akaidi achijapani. Mkaidi wina amene ankagawana naye fodya ndiye anawaphunzitsa nyimboyo. Kwathu ku Zomba tinkati ndi ya asilikali, moti anafe tinkaguba nayo titanyamula mapesi ngati mfuti.

Khonde loyandikana ndi langa linali la mayi wina wa ku Japan, wogwira ntchito m'ndege, amenenso ankangokhala chifukwa ndege zinaima. Tinkangopatsana moni basi. Tsikulo anasuzumira.

"Pepani, taimbaninso," anatero m'Chingerezi.

Ndinaimba mokweza, uku ndikuguba pang'ono. Mayiyo anaseka mpaka misozi.

"Mawu mwawapotoza, koma ndaizindikira. Imeneyo ndi yogonekera mwana! Amayi anga ankandiimbira."

Pompo ndinaimbira foni amalume kumudzi. Ndinatambasula mkono kuti foni iyandikire mayiyo, iye n'kuwaimbira mofatsa, m'mene imaimbidwira kwawo. Amalume anaphulika nako kuseka.

"Ndiye kuti bambo ankatigubitsa ndi nyimbo ya khanda? Uwauze mayiwo asachoke, ndikaitane amayi ako adzamve okha."

Amayi atabwera, tinaimba tonse pamodzi mpaka foni yanga inazima.